Ndalama za Sukulu ndi Mwana wa Mmphaŵi: Mlandu wa ku San Antonio

Nkhani yathu lero ikuchokera kutali, ku dziko la United States of America, koma funso limene yanyamula ndi lodziŵika kwa kholo lirilonse. Kodi ndalama zoyendetsera sukulu za boma zimachokera kuti, nanga amazigaŵa motani kuti mwana wa mmphaŵi asatsalire m'mbuyo?

Ku America sukulu za boma siziyendetsedwa kuchokera ku likulu la dziko. Dzikolo lidagaŵidwa m'madera a sukulu oposa 13,000, ndipo dera lirilonse liri ndi bungwe lake, limene kaŵirikaŵiri eni dera amachita kulisankha pa chisankho. Bungweli limalemba ntchito mkulu woyang'anira sukulu zonse za m'deralo. Chaka ndi chaka mkuluyu amaŵerengera ana amene akuyembekezeka kulembetsa, aphunzitsi amene adzafunike, mabuku, mabasi onyamula ana ndi nyumba zofunika kukonza. Akatero amalemba bajeti, ndiye kuti ndondomeko ya ndalama zoloŵa ndi zotuluka. Gawo lalikulu, pafupifupi madola 80 pa madola 100 alionse, limathera ku malipiro a aphunzitsi ndi antchito ena. Bajetiyo isanavomerezedwe, bungwe limaitanitsa msonkhano kuti anthu a m'deralo adzafunse kapena kutsutsa.

Ndalamazo zimachokera mbali zitatu. Boma lalikulu la ku Washington limapereka zochepa, pafupifupi dola imodzi pa madola 10. Zotsalazo amathandizana boma la chigawo, monga Texas kapena California, ndi dera lenilenilo. Dera limapeza gawo lake makamaka pa msonkho wa nyumba, minda ndi malo a malonda. Apa ndiye pagona nkhani. Kumene kuli nyumba zodula ndi masitolo akuluakulu, msonkho wochepa umabala ndalama zambiri; koma kumene kuli nyumba za amphaŵi, ngakhale msonkho ukwere chotani, thumba silidzaza.

Kuti izi zimveke bwino, tiyeni tione madera aŵiri a mu mzinda umodzi wa San Antonio, ku Texas, monga adaliri m'chaka cha sukulu cha 1967 mpaka 1968. Dera la Edgewood lidali ndi ana pafupifupi 22,000, ndipo 90 mwa ana 100 alionse adali a mabanja ochokera ku Mexico. Chuma chokhomeredwa msonkho m'deralo chikagaŵidwa kwa anawo, mwana aliyense ankalingana ndi madola 5,960. Ku dera la Alamo Heights, kumene kudali ana 5,000 okha, mwana aliyense ankalingana ndi chuma choposa madola 49,000.

Makolo a ku Edgewood ankakhoma dola imodzi ndi masenti 5 pa madola 100 alionse a mtengo wa malo awo, ndipo umenewu udali msonkho wokwera kuposa madera onse a mu mzindawo. A ku Alamo Heights ankakhoma masenti 85 okha. Komabe ndalama zimene Edgewood idatha kuwonjezera payokha zidali madola 26 pa mwana, pamene Alamo Heights idawonjezera madola 333. Ataphatikiza thandizo la boma la Texas ndi la ku Washington, mwana wa ku Edgewood adaŵerengeredwa madola 356 pa chaka, mnzake wa ku Alamo Heights madola 594. Amene adadzimana kwambiri ndiwo adakolola zochepa.

M'mwezi wa May 1968 ophunzira pafupifupi 400 a pa sukulu ya sekondale ya Edgewood adatuluka m'makalasi kudandaula za kusoŵa kwa zipangizo ndi aphunzitsi odziŵa ntchito. Chaka chomwecho makolo, motsogozedwa ndi bambo Demetrio Rodriguez, adakasuma ku bwalo la milandu. Bwalo loyamba lidawakomera mu 1971, koma pa 21 March 1973 Bwalo Lalikulu la dziko lonse lidagamula mosiyana, oweruza 5 kutsutsana ndi 4. Woweruza Lewis Powell adalongosola kuti malamulo aakulu a dziko la America satchula maphunziro ngati ufulu umene boma lalikulu liyenera kuteteza, ndi kuti nkoyenera eni dera kukhala ndi mphamvu pa sukulu zawo. Woweruza Thurgood Marshall, amene mu 1954 adapambana mlandu wothetsa tsankho la khungu m'sukulu akali loya, adakana maganizoŵa. Iye adaona kuti mphamvu yotereyi iribe phindu kwa dera limene liribe chuma choti lisankhirepo chochita.

Anthu a ku Edgewood sadagwe mphwayi. Adakasumanso, ulendo uno potsamira malamulo a chigawo cha Texas, amene amalamula boma kukhazikitsa sukulu zoyenda bwino. Mu 1989 Bwalo Lalikulu la Texas, oweruza onse mogwirizana, lidagamula kuti kagaŵidwe kakale nkosemphana ndi lamulo. Lidapeza kuti, poŵerengera mwana mmodzimmodzi, dera lolemera koposa linkapambana losaukitsitsa ka 700. Motero mu 1993 padakhazikitsidwa lamulo loti madera olemera azipereka gawo la msonkho wawo kuti lithandize ena. Anthu adalitcha Robin Hood, dzina la munthu wa m'nthano za Angerezi amene ankalanda olemera kupatsa osauka. Lamuloli lakhala likukonzedwa kangapo, ndipo madera opereka amadandaula kuti nawonso ndalama sizikuwakwanira.

Pali mfundo ina imene okonza bajeti adaphunzira, yakuti kugaŵa mofanana sindiye kugaŵa mwachilungamo. Mayi wanzeru pophika phala sapatsa mwana wodwala muyeso umodzi ndi wathanzi. Nchifukwa chake ku Texas mwana wochokera ku banja losauka, mwana amene akuphunzira kumene Chingerezi ndi mwana wolumala amaŵerengeredwa ndalama zoonjezera pamwamba pa muyeso wa ana onse.

Kuno kwathu ku Malaŵi, chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, makhonsolo adapatsidwa udindo pa sukulu za pulayimale, ngakhale ndalama zambiri zimachokera ku boma lalikulu. Choncho funso la ku San Antonio likutikhudza m'njira yathuyathu: pogaŵa aphunzitsi, mabuku ndi madesiki, kodi sukulu ya kumudzi kutali ndi mseu ikuŵerengeredwa molingana ndi kusoŵa kwake? Mukaitanidwa ku msonkhano wa komiti ya sukulu, pitani mukafunse zimenezi. Paja akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.