Kodi kamwana ka galu kafunika madzi akumwa ochuluka bwanji pa tsiku?

KAFUE – Ku Shimabala, m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Lusaka kupita ku Kafue, galu ndiye mlonda wa pakhomo ndi pafamu. Ambiri mwa agalu amenewa amafika pakhomo ali tiana tongoleka kumene kuyamwa, ndipo mwini wake amayamba waganiza za chakudya, za unyolo ndi za pogona. Madzi amakumbukiridwa pomalizira. Komatu m'nyengo yotentha, kuyambira mwezi wa Seputembala kufikira mvula itagwa mu Novembala, kagalu kangathe kufooka tsiku limodzi lokha chifukwa cha ludzu, pamene njala ikanatenga masiku angapo kuti ikagwetse.

Muyeso umene madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito umatsata kulemera kwa galuyo. Galu wamkulu wathanzi amafuna mamililita pafupifupi 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Kamwana ka galu kamafuna oposa pamenepo, kuyambira mamililita 60 kufikira 100 pa kilogalamu iliyonse. Izi zikutanthauza kuti kagalu kolemera makilogalamu atatu kafunika mamililita 180 mpaka 300, omwe ndi pafupifupi kapu imodzi ya tiyi. Kolemera makilogalamu asanu kangathe kumaliza botolo la theka la lita, ndipo kakafika makilogalamu khumi kafunika madzi oyandikira lita yathunthu. Amene alibe sikelo ya ziweto angathe kukwera pa sikelo ya anthu atanyamula kagaluko, kenaka n'kuchotsera kulemera kwake kwa iye mwini.

Chifukwa chimene kamwana kamafunira madzi ambiri kuposa mayi wake chili m'thupi momwemo. Kagalu kongobadwa kumene, magawo pafupifupi 80 mwa magawo 100 a thupi lake ndi madzi, pamene galu wamkulu ali ndi magawo pafupifupi 60. Impso zake zimakhala zisanakhwime, choncho sizitha kusunga madzi monga zichitira za galu wamkulu, ndipo kamakodza pafupipafupi. Kuwonjezera apo, galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma wefuwefu, ndipo mpweya uliwonse umene atulutsa umachoka ndi chinyezi. Masana a mu Okutobala, pamene kutentha m'chigawo cha Lusaka kumapyola madigiri 30, kagalu komangidwa padzuwa kamataya madzi mofulumira kuposa mmene kangawabwezere.

M'milungu itatu yoyamba kagalu sikafuna madzi a m'mbale, pakuti mkaka wa mayi wake umakwanira. Wofunika madzi ochuluka pa nthawiyi ndi mayiyo, amene woyamwitsa ana ambiri angamwe kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Pakati pa mlungu wachitatu ndi wachinayi tiana timayamba kunyambita phala, ndipo apa ndi pamene mbale ya madzi iyenera kuikidwa. Ikhale yosaya ndi yolemera kuti isagudubuzike. Ndowa kapena beseni lakuya ndi msampha, pakuti kagalu kakagweramo chamutu sikatha kutulukamo. Pofika milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu, tiana tambiri timakhala titaleka kuyamwa, ndipo moyo wake wonse umadalira pa mbaleyo.

Mtundu wa chakudya umasinthanso masamu amenewa. Chakudya chouma cha agalu chogula m'masitolo chili ndi madzi ochepa kwambiri, magawo pafupifupi khumi okha mwa 100, kotero kagalu kodya chimenechi kamamwa kwambiri. Kamene kamadya phala kapena nsima yoviikidwa mu msuzi kamapezeramo madzi ena, ndipo sizodabwitsa kukaona kakumwa pang'ono. Koma mitu ya kapenta ndi zotsala za ndiwo zamchere zimawonjezera ludzu. Mkaka wa ng'ombe, umene ambiri amauona ngati chifundo, sulowa m'malo mwa madzi, ndipo tiana tambiri timatsekula nawo m'mimba.

Apa pali mfundo imene eni agalu ena amaisokoneza. Muyeso wa mamililita si wogawira madzi ngati mankhwala, kuti ukakwana mbale ichotsedwe. Kagalu kathanzi kamadziwa kokha pamene ludzu latha, ndipo madzi ayenera kukhalapo usana ndi usiku, pamthunzi. Ntchito ya muyesowu ndi kuthandiza mwini galu kuzindikira msanga pamene zinthu zasintha. Njira yake ndi yapafupi: kuthira madzi m'mbale ndi botolo lodziwika kukula kwake m'mawa, ndi kuona otsala m'mawa wotsatira. Akatero masiku atatu kapena anayi, amadziwa kamwedwe ka kagalu kake.

Mabuku ambiri a ku Ulaya ndi ku America amalangiza kuchotsa madzi maola awiri kagalu kasanagone. Langizoli ndi la agalu ogona m'nyumba, kuti asakodzere pakapeti. Kwa kagalu kogona pakhonde kapena m'khola ku Shimabala, lilibe phindu lililonse.

Vuto lenileni m'dera ngati ili nthawi zambiri limakhala kupezeka kwa madziwo. M'chaka cha 2024, pamene mtsogoleri wa dziko la Zambia a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku ndipo mapampu a m'zitsime ankaima. Madzi akamatungidwa kutali, galu amakhala womalizira pa mndandanda, ndipo amapatsidwa otsukira mbale kapena ochapira. Madzi a sopo ndi mafuta amapweteka m'mimba mwa kagalu. A m'zithaphwi ndi m'madambo amakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda, ndipo pafupi ndi minda angakhalenso ndi feteleza ndi mankhwala opopera mbewu. Zigubu zimene munali mankhwala osambitsira ng'ombe kapena oziziritsira injini ya galimoto siziyenera kudulidwa kukhala mbale ya galu, ngakhale zitatsukidwa kangati. Madzi amene banja likumwa, owiritsa kapena othira mankhwala a Clorin pa muyeso wolembedwa pabotolo, ndi omwewo oyenera kagalu, ndipo lita imodzi pa tsiku si katundu wolemetsa banja.

Zizindikiro zoti madzi achepa m'thupi zimaoneka poyera. Nkhama za kagalu kathanzi zimakhala zonyowa ndi zoterera, koma madzi akachepa zimauma ndi kumata chala. Khungu la pakati pa mapewa likatsinidwa n'kusiyidwa liyenera kubwerera nthawi yomweyo, ndipo likachedwa ndiye kuti zinthu sizili bwino. Maso amalowa m'kati, mkodzo umakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, kagalu kamangogona osafuna kusewera. Kagalu kotere kaikidwe pamthunzi ndi kupatsidwa madzi pang'onopang'ono, masipuni ochepa mphindi zingapo zilizonse, chifukwa kakamwa ambiri nthawi imodzi kamasanza. Kuthira madzi mokakamiza m'kamwa mwa kagalu kolefuka n'koopsa, popeza amatha kulowa m'mapapo.

Choopsa kwambiri ndi pamene kusanza ndi kutsekula m'mimba zabwera pamodzi. Matenda a parvo, amene anadziwika koyamba m'chaka cha 1978 ndipo anafalikira dziko lonse lapansi, amagwira makamaka tiagalu ta milungu isanu ndi umodzi kufikira miyezi isanu ndi umodzi tosalandira katemera. Kagalu kamasanza, kamatsekula zamagazi zonunkha kwambiri, ndipo chimene chimakapha kawirikawiri ndi kutha kwa madzi m'thupi pamodzi ndi tizilombo tolowa m'magazi. Pamenepa mbale ya madzi sithandizanso, chifukwa zonse zolowa pakamwa zimabwerera. Kamafunika madzi olowetsa m'mitsempha kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Katemera wa matendawa amayamba pa milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu, ndipo amabwerezedwa pakapita milungu itatu kapena inayi mpaka kagalu katakwanitsa milungu 16.

Kumwa mopitirira muyeso nakonso ndi uthenga. Kagalu kamene kakumwa koposa mamililita 100 pa kilogalamu tsiku ndi tsiku kunja kusakutentha, n'kumakodza kosalekeza, kangakhale ndi vuto la impso kapena la chikhodzodzo. Kukamana madzi sikuchiza vutolo, kumangolikulitsa.

Palinso chikhulupiriro chakuti galu wachiwewe amaopa madzi, choncho galu amene akumwa alibe chiwewe. Kuopa madzi ndi chizindikiro cha matendawa mwa munthu. Galu wachiwewe angathe kuyandikira madzi, koma amalephera kumeza chifukwa minofu ya pakhosi imakhala itafooka, ndipo dovu limangotuluka. Kagalu kamene kasintha khalidwe, kakuchucha dovu ndi kulephera kumeza, sikayenera kupisidwa chala m'kamwa pofuna kuona ngati kameza fupa. Katsekeredwe pakokha, ana asakayandikire, ndipo a zaziweto adziwitsidwe. Katemera wa chiwewe amaperekedwa kagalu kakakwanitsa miyezi itatu.

Anthu a ku Shimabala angathe kufunsa za katemera ndi chithandizo ku ofesi ya zaziweto ya boma la Kafue, yomwe ili pansi pa unduna woona za nsomba ndi ziweto. Ku Lusaka kulinso chipatala cha ziweto cha sukulu ya Samora Machel pa yunivesite ya Zambia, m'mbali mwa msewu wa Great East. Popita kumeneko ndi bwino kunyamula botolo la madzi, kupewa kuika kagalu m'thumba lotseka kapena kumbuyo kwa galimoto kotentha, ndiponso kukumbukira tsiku limene kanayamba kudwala ndi kuchuluka kwa madzi amene kamwa kuyambira tsikulo, pakuti dokotala adzafunsa zimenezi.