Silinda yolephera mayeso: igule ngati chitsulo, osati ngati botolo la mpweya

Amene mumagula zitsulo zakutha pa Malosa, Domasi ndi Songani mukudziwa kuti msewu wa M3 umabwera ndi katundu wosiyanasiyana. Wina mwa katunduyu ndi masilinda akale. Ambiri amakhala a gasi wophikira, a owotcherera kapena ozimitsira moto, koma mungakumanenso ndi silinda ya anthu osambira pansi pa madzi, monga amene amakaona nsomba za mbuna ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Imaoneka bwino, imalemera, ndipo wogulitsa amatchula mtengo wokopa. Musanatulutse mpamba wanu, dzifunseni chifukwa chimene mwini wake anaisiyira.

Silinda yotere imasunga mpweya wa mphamvu yokwana 200 bar kapena kupitirirako, pomwe tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pang'ono kupitirira 2 bar. N'chifukwa chake imayenera kuunikidwa mkati kawirikawiri, ndipo m'mayiko ambiri imayesedwa ndi madzi zaka zisanu zilizonse. Akatswiri amaidzaza madzi, n'kuipanikiza kupitirira mphamvu imene imagwirira ntchito, kenako amayeza mmene yafufumira. Yabwino imabwerera mwakale. Yotopa siibwerera, ndipo imeneyo ntchito yake yatha. Ina imalephera chifukwa cha dzimbiri la mkati kapena ming'alu ya pakhosi, imene simungaione ndi maso.

Mbiri yake imalembedwa paphewa. Manambala odindidwa pamenepo amasonyeza mwezi ndi chaka chimene inapangidwa komanso pamene inayesedwa komaliza. Mukaona zilembozo zafufutidwa ndi ma X, kapena yabooledwa, dziwani kuti inakanidwa. Masilinda ena a aluminiyamu opangidwa 1990 isanafike, monga akale a kampani ya Luxfer a aluminiyamu wa mtundu wa 6351, amadziwika ndi vuto long'aluka pakhosi.

Lamulo lalikulu ndi limodzi: yolephera mayeso isadzalowenso mpweya wopanikizidwa. Musaigulitse kwa wopopa matayala kuti aisandutse thanki ya kompuresa. Musalole wowotcherera atseke bowo lake. Ikaphulika, zidutswa zake zimapha, ndipo anthu adzafunsa amene anaigulitsa.

Nanga phindu lili pati?

Choyamba, yendani ndi maginito. Akamata, silindayo ndi yachitsulo. Akapanda kumata, ndi ya aluminiyamu. Ogula zitsulo amapereka ndalama zambiri pa kilo ya aluminiyamu kusiyana ndi ya chitsulo wamba, ndipo silinda ya aluminiyamu ya malita 11, yomwe ndi yofala, imalemera pafupifupi makilogalamu 14 ikakhala yopanda mpweya. Funsani mtengo wa kilo wa sabata imeneyo, chulukitsani ndi kulemera kwake pasikelo, chotsanipo thiransipoti ndi phindu lanu. Chotsalacho ndiye malire a mtengo wogulira. Valavu yake ndi ya mkuwa wachikasu, choncho imagulitsidwa payokha. Musaiphatikize pa mulu.

Chachiwiri, yachitsulo imapanga belu labwino. Mukadula tsinde lake n'kuipachika ndi tcheni kapena waya wolimba, imalira patali ndithu. Masukulu ndi mipingo yambiri imaimbabe limu la galimoto, ndiye msika ulipo. Tsinde lodulidwalo lisatayidwe: limakhala chobzalamo maluwa kapena chosungiramo misomali ndi mabawuti. Ya aluminiyamu musapangire mbaula, pakuti aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo moto wamakala ukakolera umatha kupitirira pamenepo.

Kudula kuli ndi ndondomeko yake. Igonekeni panja, kamwa yake iloze kopanda anthu, ndipo tsegulani valavu pang'onopang'ono mpaka mpweya uthe. Kusamveka kwa mpweya si umboni woti yatha, chifukwa valavu yadzimbiri imatha kutsekeka mkati. Valavu ikamalimba pomasula, siyani, musaimenye ndi hamala. Mwina mkati mukadali mphamvu. Gulainda igwire ntchito pokhapokha valavu yachoka ndipo mukuona bowo lapakhosi. Mukatero iboolani m'mbali kuti wina asadzayese kuidzazanso.

Musasokoneze silinda imeneyi ndi anzake. Ya gasi wophikira imatsalira gasi wolemera kuposa mpweya, amene amayaka ndi kamoto kamodzi ka gulainda. Ya acetylene ya owotcherera mkati mwake muli zinthu zonyowa ndi mankhwala oyaka, choncho siyidulidwa konse. Ya oxygen siyifuna girizi kapena oyilo pavalavu. Komanso masilinda ambiri a mipweya imeneyi amakhala katundu wa kampani yogulitsa gasi, ndipo wogwiritsa ntchito amangobwereka. Mukaona dzina la kampani kapena la chipatala, musagule popanda kalata, mungapezeke mukuyankha mlandu wosunga katundu wobedwa. Malonda a gasi wophikira amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA, ndipo za miyezo ya katundu mungafunse ku Malawi Bureau of Standards.

Wogulitsa akakuuzani kuti silinda ikadali yabwino n'cholinga chokweza mtengo, muonetseni chaka cha paphewa ndi sikelo yanu. Inu mukugula makilogalamu basi.