Kukhala Tcheru ndi Mtima: Kodi Abuda ndi Akhristu Asiyanira Pati?

Madzulo ano tikambirana za amonke awiri. Wina ndi wa Chibuda ku Thailand, wina ndi wa Chikhristu pa phiri la Athos ku Greece. Mutawaona ali duu, maso ali chitsinzinire, mukhoza kuyesa kuti akuchita chinthu chimodzi, pakuti onse awiri akulondera maganizo awo monga achitira mlonda pachipata. Komatu zimene akuyembekezera nzosiyana.

Tiyambe ndi Abuda. Siddhartha Gautama, amene amatchedwa Buddha, anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 500 Khristu asanabadwe. Iye anaphunzitsa kuti gwero la masautso ndilo ludzu la mumtima: kulakalaka chimene tilibe ndi kukakamira chimene tili nacho. Njira imodzi yothetsera ludzulo anaitcha sati, liwu la chinenero cha Pali lotanthauza kukumbukira kapena kukhala tcheru. Wophunzira amayamba ndi mpweya wake, kuuzindikira polowa ndi potuluka. Mkwiyo ukabuka iye saupirikitsa ayi, ndiponso sautsata; amangoupenyetsetsa kufikira utazilala wokha.

Chovuta kumvetsa nchakuti Buddha anakana zoti mwa munthu muli "ine" wosasinthika. Chiphunzitso chimenechi chimatchedwa anatta. Buku lakale la Milindapanha limasimba za mmonke Nagasena amene anafunsa mfumu Milinda za ngolo imene inabwera nayo. Kodi ngoloyo ndi magudumu? Kodi ndi goli, kapena zingwe? Mfumu inavomera kuti palibe chimodzi mwa izi chimene ndicho ngolo, koma kuti ngolo ndi dzina chabe la zinthu zolumikizidwa pamodzi. Nagasena anati munthunso ali chomwecho: thupi, zomva, kuzindikira, zofuna za mtima ndi kudziwa, zonse zikusintha kosalekeza. Tsono ngati palibe mwini wokhazikika, wonyozedwa ndani, nanga wodandaula ndani? Apa ndi pamene pagona mtendere wa Abuda.

Akhristu nawonso anayamba kale kulondera mtima. Antony, amene anamwalira m'chaka cha 356, anakhala zaka zambiri m'chipululu cha Ejipito. M'chipululu chomwecho Evagrius, amene anamwalira mu 399, analemba za maganizo 8 amene amavutitsa wopemphera: kususuka, dama, kukonda chuma, chisoni, mkwiyo, mphwayi, kudzitamandira ndi kunyada. Langizo lake linali lakuti ganizo lililonse ulizindikire likadali pakhomo, lisanalowe m'nyumba. Mmonke wa ku Thailand uja atamva zimenezi angagwedeze mutu movomera.

Kusiyana kumaoneka pamene mmonke wa ku Athos atsegula pakamwa. Iye amatchula dzina la Yesu mobwerezabwereza, kawirikawiri molingana ndi kupuma kwake, kupempha chifundo. Ndiye kuti pali wopempha, ndipo pali Wopemphedwa. Kwa Mkhristu munthu ndi cholengedwa chopangidwa m'chifanizo cha Mulungu, chodziwika ndi dzina, chimene ngakhale imfa siichifafaniza. Chofunika kufa ndi kudzikonda, osati munthuyo ayi. Ndipo mtendere ndi mphatso yolandira kwa Mulungu.

Masiku ano kukhala tcheru kumaphunzitsidwa m'zipatala, kutsata njira imene Jon Kabat-Zinn anayamba mu 1979 ku University of Massachusetts pothandiza odwala opweteka nthawi yaitali. Ntchito imeneyi njabwino, koma ine ndiona kuti imalambalala funso lakuti amene akupuma mpweyayo ndani.

Amene sanalilambalale ndi Thomas Merton, mmonke wa Chikatolika wa ku Gethsemani m'chigawo cha Kentucky ku America. Mu 1966 iye analandira Thich Nhat Hanh, mmonke wa Chibuda wochokera ku Vietnam, ndipo mu November 1968 anacheza katatu ndi Dalai Lama ku Dharamsala m'dziko la India. Anamwalira pafupi ndi Bangkok pa 10 December chaka chomwecho, akadali wansembe wa mpingo wake.