Perspex kapena polycarbonate: loboti yanu muipangire chiyani?

Chaka chatha ophunzira anga adapanga kaloboti kotola timipira. Bokosi lake tidapangira Perspex, ndipo linkaoneka bwino zedi. Koma tili mu minibasi kuchokera ku Mitundu kupita kumpikisano ku Lilongwe, katoni idagwa, bokosi n'kung'aluka kuyambira pabowo la bawuti. Tidapikisana titamata ndi selotepi.

Chidavuta n'chiyani? Perspex, yomwe dzina lake lina ndi acrylic, imadutsitsa kuwala pafupifupi 92 peresenti, koma siichedwa kusweka. Ikagundidwa siipindika kwenikweni, ndiye mphamvu imaunjikana pamalo ofooka ngati pabowo, mng'alu n'kuyambira pomwepo.

Polycarbonate njosiyana. Imapindika, n'kumwaza mphamvu ya kugundako. N'chifukwa chake amapangira zishango za apolisi. Kuipa kwake, imakalika msanga komanso njodula. Pa kulemera musavutike: zonse ziwiri ndi magalamu pafupifupi 1.2 pa cm³.

Kuzisiyanitsa ndi maso n'kovuta. Pemphani kachidutswa kushopu, mukapinde ndi pulayala mutatchinga maso. Kakathyoka, ndi Perspex. Ngati loboti yanu ikagundane ndi zinzake, gulani polycarbonate. Perspex isungireni chivindikiro chongoonetsa mawaya.