Foloko inagonjetsa grinder: zodabwitsa 12 za phokoso la pakhomo ndi makutu a anthu a autism

Mukuti phokoso mumalidziwa chifukwa munakulira ku Kanyama kapena ku George, komwe tambala, wailesi ya aneba ndi kondakitala wa basi amadzukira pamodzi? Dekhani kaye. M'makomboni momwemu muli ana ndi akuluakulu a autism amene kulira kwa poto kumawapweteka zenizeni, koma mbale ayenera kutsuka ndithu. Nazi khumi ndi ziwiri zoti mukawaponyere anzanu pa kantemba.

1. Talotani, ndi phokoso liti lonyansa koposa onse? Bingu? Mwana wolira usiku? Mwaphonya. Mu 2012, akatswiri a ku Newcastle University anapatsa anthu mitundu 74 ya phokoso kuti amvetsere uku akujambula ubongo wawo. Chikho chinapita kwa mpeni wokanda botolo. Wachiwiri anali foloko yokanda galasi. Grinder, ija imalira tsiku lonse kwa owotcherera mageti a ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road, inatsalira m'mbuyo. Chilombo chenicheni chili m'beseni lanu la mbale. Ndipo omvetserawo sanali a autism ayi, anali anthu wamba.

2. Phokoso loipitsitsalo lili ndi malo ake: pakati pa 2,500 ndi 5,500 hertz, mawu osongoka aja oti kweee. Ngalande ya khutu lanu imawakuza yokha mawu otere, ndipo kachigawo ka ubongo koyang'anira mantha, amygdala, kamadzidzimuka nthawi yomweyo. Supuni yokokota nkhoko m'sefuliya imayimba nyimbo ya mtundu womwewo. Mankhwala ake? Madzi. Nyikani poto usiku, m'mawa nkhoko zidzayandama zokha. Ndiye uja mumamunena ulesi chifukwa chogoneka poto m'madzi, mwina ndiye wochenjera pabanjapo.

3. Nkhani ya phokoso la kukhitchini ndi yakale ndithu. Mu 1943, dokotala Leo Kanner wa ku Johns Hopkins ku Baltimore analemba za ana 11, ndipo pa zinthu zowaopsa anatchula makina opukutsira mazira, makina oyamwa fumbi, madzi otuluka pampopi, ngakhale mphepo. Tsono mukuganiza kuti madokotala anatenga nthawi yotalika bwanji kuti aike kumva mopyola muyeso pa mndandanda wa zizindikiro za autism m'buku lawo lalikulu la DSM? Zaka zisanu? Khumi? Anachita zimenezi mu 2013. Zaka 70 zathunthu. Amayi a anawo anali atadziwa kalekale.

4. Yesani kudzigirigisha nokha m'khwapa. Simuseka. Ubongo umadziwiratu zomwe dzanja lanu likufuna kuchita, ndiye umachepetsa mphamvu yake. Ndi phokoso zilinso chimodzimodzi: limene mwalipanga nokha silipweteka ngati la mnzanu. Kanner yemwe uja anaona kuti mwana woopa phokoso ankatha kupanga lake lalikulu chimodzimodzi, uku akusangalala. Apa ndi pamene makolo ambiri amasochera, amvekere: "Iwe, dzulo umamenya chigubu tsiku lonse, lero ukuti mtondo ukukupweteka?" Sakunama mwanayo. Mpatseni munsi asinje yekha nsinjiro, mpatseni batani la blender ayatse yekha. Wothawa phokoso uja akhoza kukhala ndiye wokusinjirani.

5. Mukamutengera mwana wa autism koyezetsa makutu, ku UTH kapena ku Beit CURE pa Great North Road, nthawi zambiri zotsatira zimabwera zoti makutu ali bwinobwino. Khutu lilibe mlandu. Nkhani ili pa momwe ubongo umalandirira ndi kusefa mawu, ndipo akafukufuku amapeza kuti anthu a autism oposa theka amavutika ndi phokoso pa nthawi ina ya moyo wawo. Chozunguza mutu n'chakuti mwana yemweyo, amene amamva firiji ya aneba kudzera m'khoma, mutha kumuitana dzina katatu osatembenuka. Ena amati ndi gonthi, ena amati ndi mwano, azakhali a kumudzi amati analodzedwa. Onse atatu aphonya.

6. Masamu pang'ono, musathawe. Anthu akamacheza, phokoso limakhala pafupifupi madesibelo 60. Blender yamphamvu imayandikira 90. Mukuti kusiyana kwake n'kochepa? Madesibelo 10 alionse amachulukitsa mphamvu ya phokoso kakhumi, ndiye 30 ndi kuchulukitsa ka 1,000. Koma nayi bonasi: panja, mukawirikiza kawiri mtunda, phokoso limatsika ndi madesibelo 6. Kusamuka pa mita imodzi kufika pa mamita anayi kumadula 12, kwaulere. Nthawi zina chithandizo ndi kungosuntha kampando.

7. M'khutu mwanu muli mlonda. Ndi kamnofu kotchedwa stapedius, kakang'ono koposa minofu yonse yogwira mafupa, ndipo kamagwira kafupa kakang'ono koposa m'thupi lonse. Phokoso likakula kamakokeka kuti lisalowe ndi mphamvu yonse. Vuto lake n'limodzi: kamachedwa. Chivundikiro cha poto chikagwa pa simenti, phokoso limakhala litalowa kale mlonda asanadzuke. N'chifukwa chake lodzidzimutsa limaposa lalikulu, ndipo mawu aulere oti "ndikuyatsa tsopano" amathandiza ubongo kukonzekera. Kamnofu kameneka kamakokekanso munthu akamatulutsa mawu ake. Ndiye wong'ung'uza kanyimbo potsuka mbale uja, msiyeni ang'ung'uze.

8. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo Lusaka inafika pokhala maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Mungaganize kuti kwa munthu woopa phokoso imeneyo inali nthawi ya mpumulo. Pang'ono pokha: firiji inatseka pakamwa, home theatre ya aneba inagona. Koma m'malo mwake munalowa ma genset a m'ma barbershop ndi m'mabala, kuchokera ku Matero mpaka ku Chawama. Choipitsitsa chinali kubwera kwa malaiti pakati pa usiku: wailesi, TV, firiji ndi mfuu ya ana a mzere wonse, zonse pakamodzi, popanda odi. Mabanja ochenjera amazimitsa zonse pakhoma malaiti akangopita, n'kudzayatsa chimodzichimodzi. Ndipo pa zophikira zonse za mu komboni, yofatsa pakamwa ndi ija timaiderera: mbaula. Panja pokha, chonde, utsi wa malasha umapha mwakachetechete.

9. Mahedifoni odula aja oti amapha phokoso sachita matsenga. Amamvetsera phokoso lakunja n'kupanga lina lotsutsana nalo, awiriwo n'kufafanizana. Amachita bwino pa kulira kwa besi kosasintha, monga genset, injini ya basi kapena mdidi wa chigayo. Koma mbale zikagundana, amachedwa. Pa phokoso losongoka, tizotsekera ta siponji ndi zophimba makutu za amisiri, zogulitsidwa ku hardware pa mtengo wotsika kwambiri, kawirikawiri zimaposa. Nanga thonje lija agogo amatsinira m'khutu? Limatseka kachigawo kochepa zedi. Ntchito yake yaikulu ndi kutonthoza agogowo.

10. Apa gwirani mpando. Kutseka makutu tsiku lonse kungakulitse vuto. Pa kafukufuku wina wa mu 2003 ku America, anthu anavala zotsekera makutu kwa masabata awiri, ndipo atazichotsa, phokoso lomwe kale linali wamba linayamba kumveka lalikulu. Ubongo unali utakweza voliyumu yake wokha. Ndiye valani pa ntchito ya phokoso, chotsani ikatha. Komatu musadumphire mbali inayo n'kumukokera mwana kuchigayo kuti "azolowere". Kuzolowera kumabwera pang'onopang'ono, mwiniwake atagwira chiwongolero. Kukakamiza kumangomuphunzitsa kuti chigayo n'choopsa, ndipo inunso.

11. Chipinda chopanda katundu chimasokosa kuposa chodzaza. Mabuloko, pansi pa simenti ndi malata opanda siling'i zimabweza phokoso, n'chifukwa chake mvula ya mu Januwale ikagunda denga ku Mtendere aliyense amayankhula mokuwa. Zofewa zimalimeza: makatani, matiresi, chitenje chopachika kukhoma, saka pansi pa mtondo, thaulo pansi pa blender, kansalu pansi pa beseni kuti masupuni asalire. Tsache lakunja likamakwecha simenti, wazani timadzi kapena mpatseni mwanayo ntchito yokolopa. Ndipo mbale zabwino koposa kwa makutu otere ndi zapulasitiki zija mumabisa alendo akabwera.

12. Temple Grandin, mayi wa autism, anabadwa mu 1947 ku Boston, ndipo ali mwana belu la kusukulu linkamupweteka m'makutu. Lero ndi pulofesa ku Colorado State University. Ntchito yake? Ng'ombe. Polowa m'makola ndi m'malo ophera nyama, iye ankaona ndi kumva zimene amuna odziwa ntchito ankangozidutsa: tcheni cholendewera, chitsulo chogundagunda, mpweya woti fyooo m'paipi, chithunzithunzi pansi. Zimenezo ndizo zinkaimitsa ng'ombe n'kuzichititsa mantha. Anajambula makola ndi njira zokhotakhota zoti nyama ziziyenda modekha, mpaka pafupifupi theka la ng'ombe za ku America zimadutsa m'zipangizo zopangidwa ndi nzeru zake. Makampani akuluakulu a nyama akhala akumulipira kuti awauze chomwe chikusokosa.