Khoma si njerwa zokha: zikhulupiriro ndi zoona pa mapulani a pakompyuta

Nyumba zambiri ku Kandeu zimayamba ndi chingwe, zikhomo ndi khasu. Mwininyumba amanena kuti akufuna zipinda zitatu ndi pabalaza, mmisiri n'kulemba pansi. Koma masiku ano ena akubwera ndi pulani yojambulidwa pakompyuta ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ina yochita kutumizidwa pa WhatsApp ndi mwana amene akugwira ntchito ku South Africa. Mapulaniwa abweretsa zonena zambiri, makamaka pa nkhani ya khoma. M'pofunika kuzipeta bwino, chifukwa khoma likalakwika limagwera anthu ali m'tulo.

"Khoma ndi njerwa basi, papulani ndi mizere iwiri"

Mizere iwiriyo imangosonyeza modutsa khoma. Khoma lenileni lili ndi zigawo, chilichonse ndi ntchito yake. Kuchokera kunja kulowa m'nyumba pali pulasitala, njerwa ndi matope ake, kenako pulasitala wam'kati. Kuchokera pansi kukwera m'mwamba pali maziko otambalala, pepala lakuda lotchinga chinyezi limene amisiri amati DPC, waya wa brickforce woyalidwa pakadutsa mizere ingapo ya njerwa, malintala pamwamba pa zitseko ndi mawindo, ndiponso ring beam yozungulira nyumba yonse.

Mapulogalamu monga ArchiCAD ndi Revit amalola wojambula kulemba chigawo chilichonse ndi kukhuthala kwake, mwachitsanzo mamilimita 15 a pulasitala, 230 a njerwa, ndi 15 ena m'kati. Akatero amatha kuidula nyumbayo pakompyuta n'kuonetsa m'mimba mwa khoma, kuyambira kumaziko mpaka kudenga. Chojambula chodula chimenechi ndicho mmisiri amachifuna koposa. Akakupatsani chithunzi chokongola cha panja chokha, ndi maluwa ndi galimoto pakhomo, pulaniyo sinathe.

"Zikajambulidwa pakompyuta ndiye kuti nyumba ilimba"

Kompyuta imajambula zimene yauzidwa. ArchiCAD anaipanga ku Hungary, Revit ku America, ndipo makoma ambiri amene amabwera nawo kale ndi a kumayiko ozizira: a matabwa kapena zitsulo, okhala ndi zotchinga chisanu pakati. Wojambula akangotola limodzi mwa amenewa, pepala limatuluka looneka bwino koma losamangika kwathu kuno. Ayenera kupanga khoma logwirizana ndi malo, atafunsa kukula kwa chikombole cha oumba, pakuti njerwa za m'mauvuni athu sizilingana.

Palinso nkhani ya nthaka. M'tsinde mwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza mwadutsa mng'alu wa pansi wotchedwa Bilila-Mtakataka, wautali makilomita pafupifupi 100, umene akatswiri amati ungathe kuyambitsa chivomerezi chachikulu. Achikulire akukumbukira chimene chinagwedeza Salima mu Marichi 1989. Cha ku Karonga mu Disembala 2009 chinagumula nyumba zochuluka, ndipo pambuyo pake boma linatulutsa malangizo a kamangidwe otchedwa Safer House Construction Guidelines. Pulogalamu yojambulira payokha sidziwa zonsezi. Munthu ndiye ayenera kuikamo ring beam, kulukanitsa njerwa m'makona, ndi kutalikitsa zenera ndi kona. Makoma anayi opanda ring beam ali ngati mtolo wa nkhuni wosamanga luzi: ukangogwedezeka, iliyonse imalowera kwake.

"Mapulani oterewa ndi a mabwana a m'tauni"

Amene angapindule kwambiri ndi mlimi womanga pang'onopang'ono, chaka chino ndalama ya mtedza, chaka chamawa ya soya. Khoma likajambulidwa ndi zigawo zake, pulogalamu imatulutsa kukula kwa chigawo chilichonse, ndipo pamenepo mpamene amawerengera njerwa, matumba a simenti ndi ngolo za mchenga. Wojambula akasintha khoma la 4.5 inchi kukhala la 9 inchi, chiwerengero chimasintha nthawi yomweyo, mwininyumba n'kuona ndi maso ake kuti njerwa zawirikiza kawiri. Amatha kusankha asanakumbe: kuchepetsa chipinda chimodzi koma makoma akunja akhale okhuthala, kapena kudikira chaka china. Nyumba zimene timaziona zitaima pa windo levo, udzu utamera m'kati, zina zinaima chifukwa chowerengera mwa m'mutu. Choipa n'chakuti simenti ikayamba kuperewera, zimene zimachotsedwa msanga ndi zosaoneka zija: brickforce, DPC ndi zitsulo za mu ring beam.

"Njerwa yootcha ndiyo yolimba, zina zonse n'zongozingwa"

Njerwa za m'mphepete mwa uvuni nthawi zambiri sizipsa bwino. Ukazigogoda sizilira, ukaziponya pansi zimaphwanyika. Akatswiri a ku University of Bristol ndi a ku Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, atayesa njerwa ndi makoma a m'dziko muno anapeza kuti mphamvu ya njerwa imasiyanasiyana kwambiri, ndipo makoma amafooka polumikizana njerwa ndi matope. Choncho funso lisamathere pa mtundu wa njerwa. Tizifunsanso kuti matope asakanizidwa bwanji, njerwa zinanyowetsedwa zisanayalidwe, nanga mipata yadzazidwa?

Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo. N'chifukwa chake masukulu atsopano akumangidwa ndi mabuloko a simenti kapena njerwa za SSB, zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono n'kutsindiridwa pamakina. Njerwazi zimalimba zikafunditsidwa ndi kuthiriridwa madzi masiku okwanira. Ngakhale zidina ndi mdindo zimakhala zaka zambiri ngati maziko ndi okwera, khonde lilipo, ndipo denga latuluka mokwanira kuti mvula isamamenye khoma.

"Pulasitala akonza zonse"

Pitani kuseri kwa nyumba zambiri mwezi wa Febuluwale. Muona m'munsi mwa khoma mwada, laimu watupa, ndipo mukakanda ndi chala mchenga ukuyoyoka. Madzi amenewo si a mvula yomenya khoma yokha ayi. Amakwera kuchoka m'nthaka kudzera m'timibowo ta njerwa. Chowaletsa ndi DPC yoyalidwa mamilimita osachepera 150 pamwamba pa nthaka. Mukaunjika dothi la maluwa mpaka kupitirira pepalalo, mwawatsegulira njira. Pulasitala wa simenti pakhoma la zidina nayenso amakanganuka, n'kusunga chinyezi kumbuyo kwake. Pulasitala amateteza khoma labwino, koma loipa amangolibisa.

Pulani yabwino, kaya ya pakompyuta kaya ya pamanja, ndi imene imaonetsa zobisika zonsezi momveka kwa mmisiri. Mwininyumba aifunse, aione limodzi ndi mmisiriyo, ndipo pamene sakumva asachite manyazi. Tsiku loyala DPC ndi tsiku lothira ring beam asiye zina zonse akhalepo, chifukwa pulasitala akangopakidwa palibenso amene angaone chimene chinaikidwa ndi chimene chinasiyidwa.