KODI MWANA WAMKAZI WA KU SEKONDALE AGONA KUTI?

Anthu ambiri a ku migodi ndi a m'matauni amatumiza ndalama kwao pakutha pa mwezi, ndipo polankhula ndi abale pa lamya amafunsa za ng'ombe, za mbeu ndi za malata a nyumba. Koma ndi owerengeka amene amafunsa kuti mwana wamkazi wa mlongo wao, amene anapita ku sekondale, amagona kuti.

Kale bvuto la atsikana linali kusowa kwa masukulu. Mu 1964, pamene dziko la Zambia linalandira ufulu, akazi amene anali ndi School Certificate sanakwane ndi 100 omwe. Bvuto lina linali la ndalama. Koma mu 2002 Boma linacotsa malipiro ku pulaimale, ndipo mu 2022 linawacotsanso ku sekondale. Tsono cimene catsala ndi mtunda.

Sukulu ya pulaimale iri pafupi ndi mudzi, koma sekondale iri kutali, nthawi zina ulendo wa maola atatu. Mtsikana sanyamuka asanatunge madzi ndi kusesa pabwalo, ndipo m'dzinja mitsinje idzala. Cotero makolo amfunira kanyumba ka lendi pafupi ndi sukulu, nampatsa kathumba ka ufa, nyemba ndi mcere, kuti adziphikire yekha kufikira Lacisanu. Kanyumbako mulibe mai womuyang'anira, ndipo citseko cake ncosalimba. Ufa ukatha Lacitatu, njala siidikira Lacisanu. Pamenepo afika mwamuna wa ndalama m'thumba. Mimba zambiri za ana a sukulu ziyambira pamenepa, ndipo anthu amafulumira kudzudzula mwana, osafunsa amene anamsiya yekha.

Nzoona kuti kuyambira mu 1997 lamulo la Boma lilola mtsikana kubwerera ku sukulu atabala mwana. Nzoonanso kuti lamulo la mu 2023 likaniza kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, ngakhale pa ukwati wa mwambo. Malamulowa ngabwino, koma obwerera ku sukulu sali onse ai, pakuti khanda lifuna womlera.

Mankhwala ace a bvutoli si acilendo. Mu 1915 Mabel Shaw, wa mishoni ya London Missionary Society, anayamba sukulu ya atsikana pa Mbereshi, kufupi ndi mtsinje wa Luapula. Iye anaona kuti makolo sangapereke mwana wao wamkazi popanda womsunga. Cotero atsikana anagona pomwepo m'nyumba zao, akulu nasamalira ang'ono monga kumudzi. A Methodist anacitanso cimodzimodzi pa Chipembi. Kumeneko kunacokera aphunzitsi ndi anamwino ambiri oyamba a dziko lino.

Kugona pa sukulu kukali kolipira, ngakhale kuphunzira kuli kwaulere. Ana a mabanja osauka angathe kupempha thandizo ku thumba la Constituency Development Fund, koma papepala pafunika munthu wodziwa kulemba ndi kulondola nkhani kufikira itatha, ndipo agogo a kumudzi sangathe zimenezi. Pa mwambo wa Acewa mwini mbumba ndiye mtsibweni, ndipo udindo umenewu suutha cifukwa cakuti munthu ali ku Kitwe kapena ku Mufulira. Iye ndiye angafunse kwa mphunzitsi wamkulu ngati malo ogona alipo, mtengo wace, ndi dzina la mai amene asunga atsikana usiku.